OSOKA MAPIRI

Diso la munthu lili ndi mwayi umodzi umene kamera ilibe: lili ndi khosi. Munthu akaima pamalo okwera ku Nsipe, m'boma la Ntcheu, amayamba kuona mapiri amene andanda chakumadzulo, kenaka amapotoza khosi pang'onopang'ono n'kuona midzi, minda, mitengo ya mango, mpaka kumene dziko limatsetserekera ku zigwa za kum'mawa. Zonsezi ubongo umazilumikiza wokha mwini wake osadziwa, ndipo munthuyo amachoka pamalopo akunena kuti waona dera lonse. Kamera siichita zimenezi. Iyo imangoluma kachigawo kamodzi, ngati munthu wosuzumira pazenera, zotsalazo n'kuzisiya kunja. Kuti dera lonse lilowe m'chithunzi chimodzi pamafunika kujambula zidutswa zingapo zotsatizana ndi kuzisoka, monga momwe telala amalumikizira nsalu. Chithunzi chotere, chachitali m'mbali koma chachifupi msinkhu, ndicho chimatchedwa panorama.

Mapiri a kumadzulo aja pamapu analembedwa kuti Kirk Range. Ana asukulu amaloweza dzinali, koma ndi ochepa amene amauzidwa kuti mwini dzinalo, John Kirk, anali mmodzi mwa anthu oyambirira kubwera ndi kamera m'zigwa za Zambezi ndi Shire. Choncho mbiri ya kujambula malo sinayambire kutali ndi kwathu monga ambiri amaganizira. Chodabwitsa n'chakuti amene aitsata mbiriyi mapazi ake amangom'bwezera ku mzinda umodzi, Edinburgh wa ku Scotland.

Kumeneko, m'chaka cha 1787, mmisiri wojambula ndi utoto dzina lake Robert Barker analandira chikalata cha boma choteteza luso limene anatulukira kuti wina asam'bere. Iye anajambula mzinda wa Edinburgh mozungulira monga umaonekera uli pa phiri la Calton, n'kupachika chinsalucho m'kati mwa chipinda chozungulira. Woonerera amaima pakati, ngati munthu amene walowa m'nkhokwe yaikulu yomwe khoma lake lonse lapakidwa zithunzi, ndipo kulikonse kumene watembenukira amaona mzinda. Pofika 1793 Barker anali atamanga nyumba yakeyake ya ntchitoyi ku Leicester Square mu London, anthu n'kumalipira pakhomo. Mawu akuti panorama anapangidwa m'zaka zimenezo kuchokera ku Chigiriki, ndipo tanthauzo lake ndi kuona zonse. Dzinali ndi lodzitama ndithu, paja palibe amene anaonapo zonse, koma linakakamira mpaka lero.

Luso lojambula ndi kamera litalengezedwa ku Paris mu 1839, amisiri sanachedwe kufuna kuchita zimene Barker anachita ndi burashi, ndipo anapeza njira ziwiri. Yoyamba inali kupanga kamera yokhala ndi khosi. Mu 1845 Friedrich von Martens, yemwe amakhala ku Paris, anapanga kamera imene diso lake limayenda kuchokera mbali ina kupita mbali ina, n'kutenga madigiri 150 pa chitsulo chopindika. Njira yachiwiri, imene inafala kwambiri chifukwa siimafuna makina achilendo, inali yosoka ija. Mu 1848 Charles Fontayne ndi William Porter anaima kutsidya kwa mtsinje wa Ohio ku America n'kujambula mzinda wa Cincinnati m'zidutswa 8 zomwe anazindandalika pamodzi. Mu 1878 Eadweard Muybridge anazungulira mzinda wonse wa San Francisco ndi magalasi akuluakulu 13, ndipo chithunzi chake chinatalika kupitirira mamita asanu. Wina anali Felice Beato, amene amatsatira asilikali a Britain ku India mu 1858 ndi ku China mu 1860, n'kumajambula mizinda ndi malinga atangogonjetsedwa kumene, zidutswazo n'kumazimata m'mphepete. Apa mpamene munthu amayamba kuona kuti chithunzi chotambalala chinali ndi eni ake ochikonda: akazembe a nkhondo, amalonda, ndi onse ofuna kuwerenga zimene zili m'dera. Woima pamwamba n'kumaona dziko lonse kunsi kwake sachedwa kuyamba kuliwerengera ngati lake.

M'zaka zomwezo, mu 1858, boma la Britain linatumiza David Livingstone ku mtsinje wa Zambezi. M'gulu lake munali anthu atatu okhudzana ndi zithunzi. Thomas Baines anali wojambula ndi utoto, ndipo ndiye akanatha kuika chigwa chonse cha Shire pansalu imodzi, koma Livingstone anam'chotsa ntchito mu 1859 pom'ganizira kuti amasakaza katundu wa gululo. Wachiwiri anali Charles Livingstone, mng'ono wake wa David, amene anapatsidwa udindo wa kamera. Njira imene iye amagwiritsa ntchito inali yovuta: galasi limapakidwa mankhwala, ndipo limayenera kulowa m'kamera ndi kutsukidwa mankhwalawo asanaume, mphindi khumi kapena kuposera pang'ono, zonsezi m'katenti kamdima. Amene anafikako ku Tete mwezi wa Okutobala akudziwa kuti kumeneko chinthu chonyowa sichidikira munthu. Zambiri zimene Charles anayesa sizinaoneke bwino.

Wachitatu ndiye anali John Kirk, dokotala wa gululo komanso katswiri wa zomera, amene anabadwa mu 1832 ndipo anaphunzira udokotala ku Edinburgh komwe kuja. Kujambula sinali ntchito imene anam'lembera, koma anali atazolowera kale kamera pamene amagwira ntchito m'chipatala cha asilikali nthawi ya nkhondo ya ku Crimea. Iye anasankha njira ya pepala lopakidwa phula la njuchi, imene Mfalansa wina, Gustave Le Gray, anatulukira chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1850. Pepalali limakonzedwa pasadakhale, linali lopepuka kunyamula, ndipo silimasweka ngati galasi. Vuto lake linali limodzi: limachedwa kumwa kuwala, moti diso la kamera limayenera kukhala lotsekula mphindi zingapo. Chilichonse choyenda chimafufutika. N'chifukwa chake zambiri mwa zithunzi za Kirk ndi za milambe, migwalangwa, nyumba za ku Sena ndi ku Tete, ndi sitima zitakocheza. Mayi wopita kumadzi, mwana wothamangitsa mbuzi, msodzi wopalasa bwato, onsewa pepalalo silimawagwira. Munthu wa ku Ulaya woona zithunzi zotere akanatha kuganiza kuti kuno kunali mitengo ndi mitsinje yokhayokha yodikira mwini, chonsecho midzi inali mbwee m'mbali mwa Shire. Kirk sananame dala, linam'namiza ndi pepala, koma bodza la pepala linadzathandiza anthu ena amene anabwera pambuyo pake ndi zolinga zawo.

Kirk anafika ku nyanja ya Chilwa ndi ya Malawi pamodzi ndi Livingstone mu 1859. Mu 1860 bwato lake linagubuduzika pa mathithi a Cahora Bassa, zolemba ndi zojambula zake zambiri n'kupita ndi madzi. Mu Meyi 1863, atadwala kwambiri, anatsanzika n'kubwerera kwawo. Patapita miyezi yochepa m'chaka chomwecho, Livingstone anayenda pansi kuchokera ku mathithi a Shire kulowera kumpoto, anadutsa ku mtsinje wa Rivirivi n'kulowa m'chigwa cha Gowa, ndipo mtandadza wa mapiri umene unali kumanzere kwake anaupatsa dzina la mnzake uja. Mwini dzina panalibe, kamera yake inali itapita. Mapiriwo anali ndi maina awo kale, Dzonzi, Mvai ndi ena, aliyense ndi nkhani yake, koma mlendo anawaona onse pamodzi ngati mzere umodzi n'kuwasoka ndi dzina limodzi. Buku la ulendowo linatuluka ku London mu 1865, ndipo dzinalo linalowa m'mapu.

Kuchokera pamenepo kuona dera lino motambalala kunasanduka ntchito ya boma. Pa 11 Juni 1891 Angerezi ndi Apwitikizi anagwirizana za malire awo, ndipo kuno ku Ntcheu malirewo anatsata msana wa mapiri, pamene madzi a mvula amagawikana, ena kutsikira ku Zambezi ena ku Shire ndi ku nyanja. Kuti mzere wotere upezeke pamafunika munthu kukwera pamwamba ndi zida zoyezera n'kumatembenuka mbali zonse. Zotsatira zake timaziona mpaka pano pa Lizulu, pamene msewu wa M1 ndiwo malire: wojambula amene aima pamsewupo n'kuzungulira amatenga maiko awiri m'chithunzi chimodzi, koma mzere wolekanitsa suoneka, pakuti mbali zonse ndi Angoni omwewo, mbatata zomwezo, kabichi yemweyo. Mu 1896 asilikali a atsamunda anapha Inkosi Gomani Chikuse, ndipo mu 1901 ansembe a Montfort anafika ku Nzama, m'dera la Njobvuyalema. Mu nyengo yomweyi makamera a khosi anayamba kugulitsidwa m'masitolo a ku Ulaya ndi ku America. Kampani ya Kodak inatulutsa yake yotchedwa Panoram mu 1899, ndipo mu 1904 kunabwera ina yotchedwa Cirkut, imene imazungulira yokha pa miyendo yake itatu ngati wotchi. Iyi inatchuka pojambula magulu akuluakulu a ana asukulu ndi asilikali, ndipo anyamata ochenjera anatulukira msanga kuti munthu akhoza kuima kumayambiriro kwa mzere, kamera ikangom'dutsa n'kuthamanga kumbuyo kwa anzake kukaima kumathero, n'kuoneka kawiri m'chithunzi chimodzi. Chibwana chimenechi chimaulula chinsinsi cha panorama aliyense: amaoneka ngati kuphethira kumodzi kwa diso, koma mbali yake imodzi ndi yakale kuposa inzake.

Kusoka kwakukulu koposa kumene kunachitikapo pa dziko lathu kunachokera kumwamba. Nkhondo yachiwiri itatha, mu 1946, boma la Britain linakhazikitsa nthambi yoona za mapu a maiko amene limawalamulira, Directorate of Colonial Surveys, yomwe mu 1957 inasintha dzina kukhala Directorate of Overseas Surveys. Ndege zimauluka m'mizere yoongoka ngati mlimi wogalauza, kamera itayang'ana pansi, ndipo chithunzi chilichonse chimabwereza pafupifupi magawo 60 pa 100 a chinzake cham'mbuyo. Kubwerezako kunali ndi ntchito ziwiri: kumathandiza kulumikiza zithunzizo, komanso munthu akaika ziwiri zoyandikana pansi pa magalasi apadera, mapiri amatumphuka n'kuoneka msinkhu wake. Kuchokera m'zithunzi zotere munatuluka mapu a 1:50,000 amene maofesi a za malo, za nkhalango ndi za ulimi m'dziko muno akhala akuwagwiritsa ntchito kwa zaka zambiri. Kuchokera kumwambako mudzi uliwonse umaoneka, dimba lililonse, nkhalango ya manda iliyonse. Chimene sichimaoneka ndi mkwiyo wa olima mindayo. Zaka zimenezo boma limakakamiza anthu malamulo a malimidwe ndi chindapusa, ndipo mu 1953 Inkosi Gomani yachiwiri, Philip, anauza anthu ake a ku Ntcheu kuti asamvere malamulowo pokana chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Boma linam'chotsa pampando ndipo anamwalira chaka chotsatira.

Nanga ife eni dziko, kamera itafika m'manja mwathu, tinajambula chiyani? Tinajambulana nkhope. Wojambula wa pamudzi, amene amayenda pa njinga kamera ili pakhosi, amakhala ndi filimu ya zithunzi 24 kapena 36, ndipo chilichonse chimayenera kukhala ndi wolipira, pakuti filimuyo imakatsukidwa kutauni ndi ndalama. Amalipira anali akwati, ophunzira amene alandira satifiketi, mnyamata wobwera ku Joni amene akufuna kuoneka ndi wailesi yake, mayi amene wabatiza mwana. Phiri silimalipira. Kuononga zithunzi zisanu ndi chimodzi pa phiri limene aliyense amaliona ulere m'mawa uliwonse kukanaoneka ngati misala, ndipo sindingawadzudzule amisiri amenewo, anali ndi mabanja odyetsa. Komabe zotsatira zake n'zakuti pa zaka zonse zimene mitengo ya m'mapiri athu imatha, ife sitimaloza kamera kumeneko.

Kompyuta ndiyo inadzachotsa lumo ndi guluu m'manja mwa osoka. Mu 1998 mphunzitsi wina wa sayansi wa ku Germany, Helmut Dersch, anatulutsa pologalamu yotchedwa Panorama Tools n'kuipereka ulere kwa aliyense. Mu 2003 Matthew Brown ndi David Lowe a pa yunivesite ya British Columbia ku Canada anaonetsa njira yakuti kompyuta izizindikira yokha zithunzi zimene zikugwirizana, ngakhale utazipereka zosakanikirana. Imachita motere: m'chithunzi chilichonse imafufuza timadontho tambirimbiri tosavuta kuzindikira, monga ngodya ya denga, mng'alu wa mwala, nthambi ya mtengo wouma. Ikapeza timadontho tomweto m'chithunzi china, imawerengera mmene kamera inatembenukira, n'kupinda zithunzi zonse ngati ikuzimata m'kati mwa nkhokwe ya Barker ija, kenaka n'kuzitambasula ndi kusalaza kuwala kwa m'misoko kuti chigamba chisaoneke. Pofika 2012 luso limeneli linali litalowa mu kamera ya iPhone, ndipo mafoni ambiri a masiku ano, ngakhale otsika mtengo, ali nalo. Ntchito imene inam'tengera Muybridge maola ambiri ndi katundu wolemera, mtsikana wa ku Nsipe akuichita m'masekondi ochepa akuchokera kuchigayo.

Izi sizitanthauza kuti luso latha ntchito. Amene afuna chithunzi chimene chidzakhale umboni ayenera kudziwa zimene amisiri akale amadziwa. Chidutswa chilichonse chizilowa mwa chinzake pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu, monga mmisiri wokhoma malata amasanjikizira lata pa linzake kuti denga lisadonthe. Chozungulira chikhale kamera, pamalo amodzi, osati munthu kutambasula manja n'kumapeta nayo ngati lichero. Chifukwa chake mukhoza kuchiona nokha: imikani chala patsogolo pa mphuno, mutsinzine diso limodzi kenaka linalo, muona chalacho chikudumpha pamaso pa phiri. Kamera ikasuntha, zinthu zapafupi zimadumpha chimodzimodzi, ndipo kompyuta imasokonezeka, n'chifukwa chake mumaona nthambo za magetsi zitaduka m'malere kapena mpanda utathyoka pakati. Miyendo itatu yoimikapo kamera imathandiza, paja mphika umakhazikika pa mafuwa atatu. Kuwala nakonso kuyenera kutsekeredwa pamlingo umodzi, apo ayi mbali yoyang'ana dzuwa imada pamene inayo yayera mbuu. Ndipo pali nkhani ya nyengo, imene buku lochokera kunja silingakuuzeni. Kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala utsi wa moto wa m'tchire ndi fumbi zimaphimba mapiri, moti amangooneka m'chizimezime. Mvula yoyamba ikagwa mlengalenga mumayera, ndipo m'mawa wotsatira mwala uliwonse wa paphiri umaoneka ngati ungaukhudze. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Chimene palibe angachithetse ndi choyenda: chimanga chogwedezeka ndi mphepo, mtambo, minibasi ya pamsewu, mbuzi imene imatuluka ndi mitu iwiri kapena yopanda miyendo yakumbuyo. Pepala la Kirk limafufuta anthu, foni ya lero imawadula pakati.

Pa 17 Juni 2024 dzina la Nsipe linamveka m'dziko lonse ndi kunja komwe, pamene anthu miyandamiyanda anasonkhana kudzaika m'manda malemu Dr. Saulos Chilima, wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko, amene anamwalira pa ngozi ya ndege ku Chikangawa pa 10 Juni pamodzi ndi anthu ena asanu ndi atatu. Makamera ndi mafoni tsiku limenelo analoza kwa anthu, monga kunayenera. Koma kumbuyo kwa anthuwo kunalowanso zinthu zimene palibe amazifuna: mitengo imene inalipo, madenga a nyumba, maonekedwe a minda m'mwezi wa Juni. Wolemba mbiri wa zaka 50 zikubwerazi adzayang'ana nkhope, kenaka adzayang'ana pamwamba pa mapewa.

Kufunika kwa zinthu za pamwamba pa mapewazi kunaoneka mu 2018, pamene damu la Mpira, limene madzi ake amachokera ku nkhalango ya Mvai ndipo amamwedwa ku Ntcheu, ku Balaka ndi madera ena oyandikana, linauma. Zifukwa zimene zinatchulidwa zinali kuchepa kwa mvula ndi kutha kwa mitengo m'dera limene madziwo amachokera. Pa nkhani zotere akuluakulu amanena kuti kale paphiri paja panali nkhalango yoti masana mumada, achinyamata n'kumayesa nthano za okalamba, ndipo mkangano umathera pomwepo popeza mawu alibe muyeso. Akatswiri a za chilengedwe ali ndi njira yosavuta yothetsera mkangano wotere: amatenga chithunzi chakale, amafufuza pamene wojambulayo anaima, n'kujambulanso malo omwewo nyengo yomweyo, kenaka n'kuika ziwirizo pamodzi. Panorama ndiye woyenera ntchitoyi kuposa chithunzi wamba, chifukwa wojambula sangathe kusankha mbali yokongola yokha n'kubisa yometedwa. Koma njirayi imafuna kuti chakalecho chikhalepo, ndipo chikhale pofikirika.

Zakale zathu zambiri zili kutali. Mapepala ndi zithunzi za John Kirk zimasungidwa ku National Library of Scotland, ndipo zithunzi za m'ndege za Directorate of Overseas Surveys, zoposa miliyoni imodzi za maiko osiyanasiyana kuphatikizapo lathu, zili ku National Collection of Aerial Photography. Malo onse awiriwa ali mu Edinburgh, mzinda wa Barker. Kuno kwathu kuli National Archives ku Zomba ndi Society of Malawi ku Mandala House mu Blantyre, nyumba imene dzina lake lomwe linachokera ku magalasi a m'maso a John Moir. Kumeneko zithunzi zakale ziliko, koma munthu wa ku Nsipe amafunika ndalama ya basi kuti akazione. Zatsopano, zimene tikujambula tokha, n'zambiri kuposa zonse za atsamunda kuziphatikiza, koma moyo wake ndi wa mame. Foni ikagwera m'madzi kapena ikabedwa zimapita nayo, ndipo zimene zapulumuka podutsa pa WhatsApp zimafika zitafinyidwa, moti ukafuna kukuza kuti uwerenge mitengo paphiri umangoona zobiriwira zosadziwika mutu wake.

Otsala ndi ojambula a pa njinga aja. Iwo sanalozepo kamera kuphiri, koma akwati amawaimika panja chifukwa m'nyumba munali mdima, ndipo kumbuyo kwa mkwatibwi, pakati pa phewa lake ndi la mkwati, kumalowa kachidutswa ka Ntcheu wa chaka chimenecho. Zithunzi zotere zili m'masutikesi ndi m'mabuku a nyimbo m'nyumba zambiri za ku Nsipe, Gowa ndi Nzama, zina zili ndi deti la manambala ofiira pangodya, zina kuseri kwake kunalembedwa ndi bolopeni tsiku ndi dzina la mudzi.